Dzina la Mayi ku Wembley

Ilford, 9 Malichi 2024

Okondedwa NaChisale,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana wathu Alinane? Nanga mayi kumudzi akupeza bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana wayamba kudandaula, paja tsiku ndi tsiku ndi kunyamula nkhalamba za eni ake. Kunyumba yosungira okalamba kuja awonjezera anthu atatu, ife antchito ndife omwe aja. Bwana akuti tipirire. Amanena zimenezo atakhala pa mpando wawofuwofu, tiyi ali m'manja.

Kalatayi ndalemba papepala, ndiijambula n'kuitumiza pa foni monga kale. Zotumiza mawu ndinasiya dala, chifukwa mumakamvetsera mu ofesi ya aphunzitsi anzanu atatchera khutu.

Mukapita kwa Chadzamira kumapeto kwa mwezi, muwauze mayi kuti nkhani ya malire a dimba ndi a Paterson aisiye kaye mpaka ine nditabwera. Bambo amene uja kuyandikana naye ndi tsoka, amangofuna poyambira. Mbuzi zake zikalowanso m'chimanga, angozitulutsa osalankhula kanthu. Nsapato za Alinane mugule zokulirapo, mwana ameneyu phazi ndi lakwathu.

Tsopano imvani za kuno. Mukumukumbukira Lumbani wa ku Rumphi, amene anandisunga pa sofa yake miyezi inayi nditangofika kumene, amene timapemphera limodzi ku Woolwich? Uja wa madigiri awiri ndi ntchito ya makompyuta. Ndiye walemba buku la nthano m'Chingerezi, azungu alisindikiza, ndipo pa 23 mwezi uno akukalankhula ku msonkhano ku Wembley.

Msonkhano wake si wa chipani kapena wa mpingo. Kuno kuli anthu, akuluakulu a ndevu zawo, amene mtima wawo wonse uli pa nthano: za zombo zopita ku nyenyezi, za zinjoka zolavula moto, za mizinda imene idzamangidwe ife tonse titaola. Amasonkhana masiku awiri kukambirana zinthu zoti kulibe. Tikiti ya tsiku limodzi ndi mapaundi makumi anayi ndi asanu. Ine kuti ndiipeze imeneyo ndimasambitsa madala angati? Munthu akakhuta amasowa chochita.

Lumbani wandipezera njira yolowera ulere. Akuti amafuna anthu ongodzipereka, oyendetsa maikolofoni pakati pa omvera nthawi ya mafunso. Ndavomera, chifukwa Loweruka limenelo ndilibe shifiti, komanso wakwanu akakwera pa nsanja umapita kukamuombera m'manja. Akuti m'bukumo muli kanthu kamene ndinamuthandiza, ndipo ndikadabwa. Kaya ndi kati. Mwina ndi mawu amene ankandifunsa, paja Chichewa chake n'cha pa sukulu yolipira. Masiku aja tinkacheza zambiri, zina sindizikumbukanso.

Mupereke moni kwa onse ofunsa za ine.

Ine mwamuna wanu,
Evance


Ilford, 24 Malichi 2024

NaChisale,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine thupi lili bwino koma mtima ayi. Lero kutchalitchi sindinapite, kuopa kuchimwira pakhomo pa Mulungu, chifukwa ndikanamuona Lumbani sindikudziwa chimene manja angawa akanachita.

Dzulo ndinapita ku Wembley kuja. Kungotsika sitima ndinaona zimene sindinaonepo: bambo wamkulu atadzipaka utoto wobiriwira nkhope yonse, atsikana a mapiko kumsana, mayi wa msinkhu wa ahedi anu atavala mchira ndi makutu osongoka, akudya sangweji ngati palibe chachilendo. Ndinaseka ndekha mpaka kulowa mu holo.

Anandipatsa malaya achikasu, ndipo mayi wina dzina lake Fiona anandilongosolera ntchito. Zokambirana zawo amazitcha panelo. Anthu anayi amakhala pa tebulo kutsogolo, aliyense ndi kapepala ka dzina lake ndi botolo la madzi, Fiona n'kumawafunsa mafunso. Kukatsala mphindi khumi ndi zisanu amapereka mpata kwa omvera, ndiye ine ndimathamanga ndi maikolofoni kwa amene wakweza dzanja. Malamulo ake ndi awiri. Maikolofoni osaisiya m'manja mwa munthu, chifukwa ena akaigwira saibweza. Ndipo funso likhale funso. Munthu akayamba kulalikira za moyo wake, Fiona amakweza cholembera, mkulu wa pa makina n'kuzimitsa mawu. Ndinati malamulo abwino, kumaliro kwathu akanathandiza.

M'mawa wonse ndinathamanga. Pa panelo ina anakangana ola lathunthu ngati chinjoka chingathe kuuluka chitabereka munthu, mpaka dala wina nkhope inafiira. Ndinkangoti ndizisunge ndikakusimbireni.

Cha m'ma 3 koloko inafika ya Lumbani, mutu wake afiti a ku Africa mu nthano zatsopano. Holo inadzaza, anthu ngati mazana atatu. Mwini wake anali atavala malaya a chitenje amene sindinamuonepo nawo ngakhale pa 6 Julayi. Anatsegula buku n'kuyamba kuwerenga nkhani ya mzamba amene amakwera lichero n'kuuluka, atatsekera mu nsupa mpweya wa makanda amene wawalandira. Kenako anatchula dzina. Etta. Etta wa kwa Chadzamira, wotsimphina mwendo wa kumanzere, wa nyumba ya chitseko chobiriwira pafupi ndi mjigo. NaChisale, anatchula mayi anga. Sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi.

Inu nkhani ija munangoimva, munali musanabwere pakhomo pathu. Ine ndinalipo. Chaka chimene mwana wamkazi wa a Paterson anabereka khanda lakufa m'manja mwa mayi, mudzi wonse unati mayi amauluka pa lichero, mudzi umene theka lake linabadwira m'manja omwewo. Anasiya uzamba. Zaka ziwiri palibe amene anabwera kudzapala moto pakhomo pathu. Zatenga zaka khumi ndi zisanu kuti azimayi ayambenso kuwapatsa mwana kuti anyamule. Ndiye dzulo anthu ovala michira ankamvetsera zimenezi pakamwa pali yasa, ngati nthabwala ya pa wailesi.

Fiona anamufunsa Lumbani kumene anaitenga nkhaniyo. Iye akumwetulira anati ndi nkhani yoona, ya mayi weniweni, m'mudzi weniweni. Mafunso atayamba, mkulu wina anafunsa ngati licherolo limayendera petulo kapena magetsi. Holo yonse inafa ndi phwete. Ndipo amene anagwirizira maikolofoni pakamwa pa mkuluyo ndinali ine.

Sindikudziwa mmene ndinaitembenuzira pakamwa panga. Ndinalankhula m'Chingerezi, ndipo mawu ake ndi awa, ndisakubisireni: "Ine ndine Evance. Mayi amene mwamva m'bukumu alipodi, ndi mayi anga ondibereka. Zimene wawerengazi mudzi wathu wonse unazinena." Ndimafuna kupitiriza kuti zonsezo linali bodza limene linatsala pang'ono kuwapha. Koma Fiona anali atakweza kale cholembera. Anafunsa mwaulemu ngati ndili ndi funso, maikolofoni n'kufa. Anthu anaganiza kuti tinachita kupangana ndi Lumbani, anaimirira n'kuyamba kundiombera m'manja. Ine ndikukuwa, iwo akuomba. Amuna awiri anandigwira mikono bwinobwino n'kundiperekeza panja.

Lumbani waimba kasanu ndi kawiri, sindinayankhe. Mayi musawauze chilichonse. Wembley ndi kutali ndi kwa Chadzamira, zithera konkuno. Mukapita kumudzi muwatengere sopo ndi mafuta opaka mwendo aja, basi.

Ine,
Evance


Ilford, 7 Epulo 2024

NaChisale,

Moni nonse. Pasaka mwadya bwanji? Mwati Alinane anadwala m'mimba, ndikhulupirira wachira. Ine ndilipo.

Kavidiyo kamene mwanditumizira ndakaonera mpaka maso kuwawa. Ndiye mwati kafika mpaka pa golosale ya kwa Chadzamira? Ndinali chitsiru kunena kuti zithera konkuno. Eni msonkhano anaika panelo yonse pa intaneti, ola lathunthu. Ndani angaonere ola? Wina wake, Mmalawi mnzathu ndithu, anadula masekondi makumi anayi okha: Lumbani akutchula dzina ndi mudzi, ine ndikuti ndi mayi anga, azungu akuimirira. Pamwamba pake n'kulembapo kuti mwana wa mfiti waulula ku London. Amene anachita zimenezi Mulungu amuone. Ndipo amene akukatumiza kwa anzawo ataikapo tinkhope toseka, ena ndi oti ndinakula nawo, ena ndinawagulirapo mafoni omwewo.

Lero ndinapita ku Woolwich, osati kukapemphera. Ndinamudikirira Lumbani pakhomo mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi, n'kumufunsa chimene mayi anga anamulakwira.

"Achimwene, it's fiction," anatero. "Ndi story chabe. Nobody believes zimenezo kuno."

"Kuno," ndinamuyankha. "Nanga mayi anga amakhala kuno?"

Anayamba kufotokoza kuti dzinalo analisiya chifukwa ndi lokoma, kuti ankafuna kuwalemekeza, kuti ndikawerenga mpaka kumapeto ndiona kuti mzambayo ndi amene amapulumutsa mudzi. Ndinamufunsa kuti kwa Chadzamira ndani adzawerenge masamba mazana atatu a Chingerezi kuti akafike kumapetoko, a Paterson? Ndinamuuzanso kuti madigiri ake awiri sanamuphunzitse chimene mwana wa sitandade 2 amadziwa, kuti dzina la munthu wamoyo sayandikizitsa ku ufiti. Anthu anayamba kutizungulira. Iye anatsegula pakamwa nati, "Koma inu nomwe, achimwene..." Sindinadikire kuti amalize, ndinachoka.

Akulu a mpingo ananditsatira mpaka pa siteji ya basi. Akuti tikhululukirane, tisachititse Amalawi manyazi pamaso pa alendo. Manyazi awo ndi oti ndinakweza mawu pafupi ndi tebulo la mabisiketi. Za mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zinayi amene akugona yekha m'nyumba mudzi wonse ukuloza, palibe amene anafunsa. Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, n'kukwera basi.

Tsopano mverani. Lachisanu mukangoweruka, nyamukani ku Mponela mupite kumudzi, mukagone komweko mpaka Lamulungu. Mukapite nawo ku mjigo nthawi imene azimayi achuluka. Chakudya mukadyere pakhonde, mbale imodzi, aliyense aone. Ndipo mutenge Alinane, akakhale pa miyendo ya agogo ake pamaso pa anthu. Mudzi uja ndimaudziwa, umaona zoterezi kuposa mmene umamvera mawu. Mayi akafunsa za vidiyo muwauze kuti anaidula, ine ndidzawafotokozera ndekha mtima ukakhala pansi.

Ine,
Evance


Ilford, 20 Epulo 2024

NaChisale,

Moni kwa inu ndi mwana. Ine ndili bwino, tulo tokha ndi timene tasowa.

Ndathokoza kuti munapita. Koma Alinane munamusiya kwa anzanu ku Mponela, eti chifukwa ali ndi mayeso. Mayeso a sitandade 3 Loweruka? Nditawerenga zimenezo ndinaponya foni pa bedi. Ngati mpongozi wawo weniweni akuopa kubweretsa mwana, a Paterson anena kuti chiyani? Ndikudziwa muyankha kuti munaopa miyala, osati mayi. Mwina ndi zoona. Mwina ine ndikanachita chimodzimodzi. Komabe zandiwawa, ndipo sindibisa.

Zimene mwalembazo zandiopsa. Mwati ku mjigo azimayi anatola ndowa zawo n'kuchoka mayi atafika. Mwati kutchalitchi benchi yawo inakhala ya iwo okha. Mwatinso mdzukulu wa a Paterson wagonekedwa ku chipatala ndi malungo, ndipo anthu ayamba kale kunena kuti si malungo wamba. Chaka chili chonse nyengo ino ana amadwala malungo m'mudzi muja, koma chaka chino apeza pokolowekera.

Ine kuno sindinangokhala. Ndinalembera eni msonkhano, ndipo Lachinayi Fiona uja anabwera yekha kudzakumana nane pamalo omwera khofi pafupi ndi sitesheni. Ndinene chilungamo, mayiyo analira. Akuti sankadziwa, ankaganiza kuti ndine mmodzi mwa aja okonda kulalikira. Vidiyo yawo aichotsa pa intaneti. Ndinamuuza kuti madzi akatayika saoleka, kavidiyo kaja kali kale m'foni ya munthu aliyense kuyambira ku Dowa mpaka ku Joni. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti andipatse mbali yotsala, pamene ndinkakuwa kuti ndi bodza, anthu amve. Anaimbira mkulu wa pa makina ine ndili pompo. Akuti maikolofoni ikazima palibe chimene chimalowa. Anandionetsa: ndikuoneka pakamwa pakuyenda, manja m'mwamba, mawu palibe, kumbuyo kwanga m'manja mukulira.

Ndiye mukudziwa chimene anandipatsa m'malo mwake? Akuti pa msonkhano wawo wa mu Okutobala akonza panelo yapadera yokambirana za kulemba nkhani za anthu enieni, ndipo ine ndikakhale pa tebulo, ndi kapepala ka dzina langa ndi botolo langa la madzi. Akuti mawu anga ndi ofunika. Mayi anga akuwagendera miyala padenga mwezi uno, iwo mankhwala awo ndi panelo ina mu Okutobala. Ndinamufunsa ngati tsiku limenelo adzabwere ndi cholembera chake. Khofi ndinamusiya osamwa.

Ndapempha tchuthi kuntchito, andikaniza mpaka Ogasiti. Ndikachoka ndekha ndiye kuti mapepala anga athera pompo, paja ndi omangirira ku ntchito imeneyi. Ndakhala ngati mbuzi ya pachingwe, kumangoona moto ukubwera.

Mayi achoke m'mudzi muja, abwere kwa inu ku Mponela. Ndikudziwa akukana chifukwa cha chimanga, akuti sangasiye munda utacha. Pezani aganyu asanu akolole sabata ino ngakhale chisanaume bwino, chidzaumira pa khonde lanu. Muwauze kuti ndalamula ndine. Akakana muwagwadire.

Ine,
Evance


Ilford, 5 Meyi 2024

NaChisale,

Moni. Sindifunsa ngati muli bwino, ndikudziwa mmene mulili.

Uthenga wanu ndauwerenga katatu. Mdzukulu wa a Paterson uja anamwalira Lachitatu, Mulungu amulandire, analibe mlandu. Lachinayi pochoka kumanda anyamata analunjika kunyumba ya mayi dzuwa likuswa mtengo, n'kuthyola chitseko, kutentha khitchini, kutulutsa malichero awiri n'kuwaotcha pabwalo anthu akuonerera. Malichero opetera chimanga. Ndipo mayi anapulumuka chifukwa anali kumunda umene ndinkawakakamiza kuti ausiye. Wa kabaza amene anakawatenga kumundako n'kuwazembetsa njira ya kudambo mpaka kwa inu ku Mponela mundiuze dzina lake, ndikufuna kumudziwa. Inunso zikomo, NaChisale. Za Alinane zija ndinalankhula mopusa, mundikhululukire.

Mwati a Paterson ayamba kale kuzika zikhomo m'dimba. Asiyeni. Chimanga nachonso chisiyeni, musatume munthu.

Ndinajambula vidiyo yanga, mphindi khumi ndi imodzi, m'Chichewa, kufotokoza zonse. Ija ya masekondi makumi anayi anaionera anthu osawerengeka. Yangayi aionera makumi asanu ndi limodzi, ndipo wina walemba pansi pake kuti akukana chifukwa mayi ake amuopseza.

Ndaimba kanayi, inu n'kumati mayi agona. Mayi anga sanagonepo masana chibadwire. Ndamvanso funso limene akutumani. Akuti munthu wa ku Rumphi amene sanapondepo kwa Chadzamira anaudziwa bwanji mwendo wawo, ndi mtundu wa chitseko chawo. Muwauze kuti kuno anthu amafufuza zinthu pa intaneti. Ayi, musawauze zimenezo. Muwauze kuti ndiyankha.

Muwagulire bulangete, ku Mponela kwayamba kuzizira.

Evance


Ilford, 26 Meyi 2024

Okondedwa NaChisale,

Moni kwa inu, kwa Alinane, ndi kwa mayi ngati angaulandire. Ndamva kuti ayamba kudya, ndipo akumathandiza mwana kuluka tsitsi, koma panja satuluka. Ine ndili moyo. Masabata atatu ndakhala chete, osati chifukwa cha ntchito.

Lachiwiri Lumbani anabwera kuno ku Ilford. Waonda. Anabweretsa kalata ya osindikiza yoti mabuku otsala awachotsa m'masitolo, ndipo akadzasindikizanso dzina ndi mudzi zidzasintha. Ku misonkhano ina iwiri imene anamuitana wakana. Ine ndinamuimika pakhomo n'kumuthira mawu onse amene ndakhala ndikusunga, ndinamutchula wakuba, wogulitsa anthu akwawo kuti azungu amuombere m'manja. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako analankhula motsitsa, ndipo ulendo uno sanasakanize Chingerezi.

"Ndalakwa, achimwene, ndipo mlandu wanga sindiuthawa. Koma ine kwa Chadzamira sindinafikeko. Mayi anu sindinawaonepo akuyenda. Ndinaona inu."

Ndinatseka chitseko. Koma zimene ananenazo ndi zoona, ndipo ndakhala ndikuzidziwa kuyambira tsiku lija mu holo, asanamalize n'komwe kuwerenga. Ndakwiyira Lumbani, Fiona, akulu a mpingo, a Paterson, inu amene. Onsewo ali ndi mbali yawo, ndipo a Paterson sindidzawakhululukira. Koma mkwiyo wonsewo ndinkaukolezera dala kuti ndisamve funso la mayi.

Yankho lake ndi ili. Nditangofika kuno, Lamulungu lililonse masana kwa Lumbani kunkabwera anzake kudzadya. Madokotala, maloya, ophunzira a ku yunivesite. Ine ndinali wa pa sofa, wosambitsa nkhalamba, wa Chingerezi chopunduka. Ankandipatsa moni n'kundiiwala. Tsiku lina anayamba kuseka za zikhulupiriro za kumudzi, aliyense ndi kankhani kake kamene anamva kwa wantchito wa kwawo. Ndinaona kuti apa pokha ndili ndi katundu woposa onse. Ndinati inu mukunena zakumva, ine mayi anga enieni ankawanena kuti amauluka. Onse anatembenuka kundiyang'ana, koyamba chifikire changa.

NaChisale, ndinaisimba ngati nthabwala. Ndinatchula dzina, mudzi, chitseko, mjigo. Ndinatenga thireyi ya makapu kuti ikhale lichero. Ndinaimirira pakati pa balaza n'kuyenda motsimphina mmene amayendera mayi, mwendo umene anauthyola akuthamangira mayi wa pakati mvula ikugwa. Anaseka mpaka dokotala wina anatsamwa. Inenso ndinaseka, ndipo ndinamva kukoma. Sabata yotsatira anandipempha kuti ndibwereze chifukwa panabwera alendo, ndinabwereza. Lumbani atandifunsa ngati angaigwiritse ntchito polemba, ndinati tenga, n'zaulere. Zoti linali bodza, zoti mayi ankalira kuseri kwa nkhokwe, sindinanene, chifukwa zikanaononga phwete. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Wanga unatsogola mpaka kukafika pakhomo pa mayi.

Kalata iyi musaifufute ngati zinazo. Muwawerengere mayi yonse, pang'onopang'ono, Alinane ali kusukulu. Mudzafuna kudumpha za thireyi ndi za mwendo, ndikukudziwani ndi chifundo chanu. Musadumphe. Anafunsa funso lolunjika, ndipo anamizidwa kokwanira.

Za nyumba ina imene ndikufuna kuwamangira, za malo ake ku Mponela, za kubwera kwanga mu Ogasiti, musawauze tsiku limenelo, zingamveke ngati ndikugula pakamwa pawo. Ndidzaimba Lachitatu 5 koloko yakwanu. Foni mudzaiike pa mkeka pafupi nawo, inu n'kutuluka panja. Akaisiya ilire mpaka kuleka, musawanene kanthu. Ndidzaimbanso Lachitatu linalo.

Ine mwamuna wanu, ndi mwana wawo,
Evance